Bambo Amene Ankamenya Thanki

Panali bambo wina ku Mponela amene anali ndi vani yoyera yoperekera buledi m'magolosale. Tsiku lina vaniyo inakana kulira. Makaniko wina, a Kachingwe, anatembenuza kiyi, natchera khutu.

"Mukumva? Kuli zii," anatero a Kachingwe. "M'thankimu muli pampu ya magetsi yokankha petulo kupita ku injini. Ikakhala bwino imalira ngati njuchi mukangotembenuza kiyi. Yanuyi yatopa."

Anagwada, namenya pansi pa thanki ndi chikhatho kamodzi kokha, pampu n'kudzuka. "Izi n'zongokufikitsani kunyumba, bambo. Mawa mubwere tiitsegule."

Mawa limenelo silinafike. Pa mawu onse a makaniko, mkuluyu anatolapo mbama yokha. Vani ikanyanyala, iye pha! Ulendo n'kupitirira. Patapita mwezi mbama inachepa mphamvu, ndiye anatenga mpini wa khasu. Mpini utalephera, munsi wa akazi ake unasowa pakhomo, n'kukapezeka kuseri kwa mpando wa dalaivala. Pa bawo ankachita kudzigunda pamtima kuti galimoto ili ngati mwana, imamva ndodo. Anzake ankangogwedeza mitu, poti mwini vani sumutsutsa ukafuna kudzakwera.

Kenaka linafika tsiku la ukwati wa mwana wake wamkazi, Tikhale. Akuchimuna anati atumiza galimoto, koma iye anakanitsitsa. "Mwana wanga sakwera galimoto yobwereka ine ndili moyo!" Abusa nawo anali atachenjezeratu kuti ikangokwana teni koloko mkwatibwi asanafike, iwo anyamuka kupita kumpingo wina, ndipo ukwatiwo udikira sabata ya mawa. Chonsecho ng'ombe inali itaphedwa kale.

Anaikongoletsa vani ndi maliboni ndi mabaluni, amayi akuimba kumbuyo. Atafika pakati pa njira, injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Bamboyo anatsika akumwetulira, suti ili mbee. Anamenya ndi munsi katatu, koma kunali zii. Anavula jekete, namenyanso, thukuta lili kamukamu. Nyimbo zija zinatha zokha. Tikhale anasuzumira pawindo misozi ili m'maso, nati, "Ababa, tiyeni tiwaimbire a Kachingwe." Koma munthu amene wadzitama pa bawo saimbira makaniko anthu akuona. Anasolola chitsulo chomasulira matayala, nachikweza ndi manja awiri. Phoo! Thanki inabooka, petulo n'kumuthira kuyambira pa tayi mpaka m'nsapato.

Tikhale sanadikirenso. Anapinda diresi lake, naimitsa njinga ya kabaza, ndipo analowa m'tchalitchi abusa akutseka buku. Anamupereka ndi amalume ake. Bambo wake anatsala pamsewu, akuthamangitsa aliyense wodutsa akusuta ndudu, kuopa moto.

A Kachingwe anafika dzuwa litapendeka. Anatsegula kabokosi pansi pa chiwongolero, nazulamo kafyuzi kakang'ono ngati chikhadabo, katapsa. "Pampu yanu inavutika mpaka yawotcha aka," anatero. "Magetsi sankaifika n'komwe. Mukanamenya mpaka mawa, sikanamva. Aka ndikanasintha mkwatibwi asanatsike. Koma thankiyi ndiye mwaipha."

Mwasekatu, ndipo inenso ndinaseka. Koma zimandimvetsa chisoni, chifukwa bamboyo mwana wake ankamukonda zedi, ndipo ukwati wake anangoumvera kwa anthu.

Tsono inu abambo anzanga amene mumayendetsa nyumba ndi kukalipa, mvetsani. Munakuwa tsiku lina ana n'kunjenjemera, mayi n'kukhala chete, inu n'kumati mwapeza mankhwala. Chinthu chikayenda chifukwa mwachimenya, sikuti chachira ayi. Tsiku limene m'nyumba mwanu mudzati zii, musadzafunefune ndodo yokulirapo. Mudzakhale pansi, mufunse chimene chavuta, wina asanakwere kabaza kukusiyani pamsewu.