Utsi wa ku Ming'oma

Chaka chimenecho mvula inakaniratu. Udzu wa kuseri kwa nyumba unauma moti ukaupondapo unkachita kulira. Pa wailesi ankalengeza mobwerezabwereza kuti kuyatsa moto panja nkoletsedwa mpaka mvula itagwa: osatentha zinyalala, osawotcha nyama pabwalo.

M'nyumba ya mlimi wina wa njuchi munali vuto lakelake. Mkazi wake ankatsokomola chifukwa cha fumbi, ndipo uchi umene ankathira mu tiyi unali utatha. Botolo anali atalikokota ndi supuni mpaka kuyera. Bamboyo sankadziwa kunena mawu achikondi, koma mkazi wake akatsokomola, iyeyo ndiye ankagwira pachifuwa.

Tsiku lina masana anatsitsa chofukizira utsi pa msomali, kachitini kamene amaikamo chiguduli chonyeka kuti njuchi zifatse.

"Bambo a ana, mukupita nacho kuti chimenecho?" anafunsa mkazi wake.

"Kukafula uchi. Chifuwa chanucho chandikwana."

"Simunamve wailesi? Imbirani kaye achimwene muwafunse."

Mchimwene wake wa mayiyo ankagwira ntchito yozimitsa moto, ndipo iye ndi mlamu wakeyo akakumana, kunali kuserewulana kokhakokha.

"Ndifunse alamu? Munthu amene akaona njuchi imodzi amathawa kusiya nsapato? Aletsa moto, amayi. Uwu ndi utsi chabe."

Mayiyo anafuna kuyankha, koma chifuwa chinamutsekereza. Mwamuna wake anangoti, "Mwaonatu," nkutuluka.

Mng'oma woyamba anautsegula bwinobwino. Zisa zinali zolemera, zofunika manja awiri poziika m'ndowa, choncho anaika chofukizira chija pansi, pa udzu. Mphepo inabwera ngati yochita kutumidwa nkuchigubuduza. Pamene ankacheuka, moto unali utafika kale m'chiuno. Anaumenya ndi jekete, jekete nkuyaka. Anaupondaponda, motowo nkumuzemba, kulunjika ming'oma ina ija.

Mkazi wake ataona utsi pa windo anaimba foni. Galimoto yozimitsa moto inafika ikulira, anansi akuthamangira pambuyo ndi zidebe. Nyumba inapulumuka, mpanda wa oyandikana nawo unangodetsedwa ndi utsi. Koma ming'oma yonse, imene bamboyo anakhoma yekha ndi manja ake, inasanduka makala.

Mlamu wake uja, amene anabwera ndi ozimitsa motowo, anavula chisoti nkukhala naye pa khonde. Bamboyo anawerama, kudikira kusekedwa.

"Alamu, manjawo ali bwanji?"

"Alipo."

"Mukanandiimbira, ndikanakuuzani kuti lamulolo likukhudzanso chofukizira. Komanso alimi a njuchi timawalola akapempha: m'mawa kusanayambe mphepo, atalambula pansi, madzi ali pafupi. Ine ndemwe ndikanabwera kudzakugwirirani chidebe."

"Inu? Pafupi ndi njuchi?"

"Ndikanaima patali pang'ono. Mawa mubwere ku ofesi mudzafotokoze. Kumeneko ndilibe mlamu."

Atachoka onse, mayiyo anaviika manja a mwamuna wake m'beseni la madzi ozizira. Sanamukumbutse zimene anamuuza masana. Anangowagwira manjawo, mmene ankachitira ndi ana akapsa ndi ketulo.

"Ndimati mumwe tiyi wa uchi lero," anatero bamboyo, maso ali m'beseni. Kenako analoza ndi chibwano ndowa imene anathawa nayo pamoto paja. Mayiyo anasuzumiramo. Zisa zinali zitasungunuka, uchi utatayikira m'phulusa ndowa itapendekeka. Pansi panangotsala chimbulu cha phula lakuda, lomatirira udzu.

Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye uchi wanga umenewu?"

"Umenewo, amayi."

"Ndalandira, bambo. Koma ming'oma yatsopano mukadzakhoma, foni ndidzaimba ndine."

Bamboyo anagwedeza mutu, osatsutsa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.