Nsomba Zosungitsa kwa Anjira

Kalekale, milamba isanaleke kuyankhula ndi anthu, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo munali mayi wamasiye dzina lake Nachisale. Mbuzi analibe. Nkhuku zinatha ndi chitopa. Chimene amuna ake anamusiyira pomwalira chinali dziwe la nsomba, limene anakumba okha ndi khasu pakati pa dimba.

Koma dziwelo linali dziwe, ana inu. Munali makumba onenepa, oti nsomba imodzi ikangotembenuka madzi ankagavira mpaka kuthirira anyezi. Munalinso mlamba wokalamba, dzina lake Chindevu. Ndevu zake akazitambasula, achule ankayanikapo zovala. Wokana akane, ine ndinamva choncho.

Chindevuyo anali ndi khalidwe limodzi loipa. Paja makumba amabisa ana awo m'kamwa. Ndiye kamwana kakangotuluka n'kusochera, Chindevu ankangoti kwapu, kamezedwa. Nachisale ankamukalipira tsiku ndi tsiku, iye n'kumayankha kuti kanalowa kokha pamene iye ankayasamula.

M'mawa uliwonse Nachisale ankapita kudziwe ndi lichero la madeya, n'kuyimba:

Bwerani, ana a m'madzi,
madeya afika,
wochedwa adya thovu.

Madzi ankachita kuwira ndi nsomba.

Kumunsi kwa dimbalo, kuseri kwa nthochi, kunali dimba la mayi wina dzina lake Zelesi. Awiriwa anali pa chinjira, ubwenzi uja wa amayi wochita kupangana pamaso pa anthu. Tsiku lopangana Nachisale anapereka nsalu ya maluwa achikasu, Zelesi anapereka mbale yadothi. Mbaleyo inkayenda uku ndi uku, ndipo sinkabwerera yopanda kanthu. Ikapita ndi mtedza inkabwera ndi therere. Ikapita ndi therere inkabwera ndi mazira. Maina anasiya kutchulana, aliyense ankangoti "anjira."

Zelesi anali ndi chitsime chodabwitsa. Dzuwa liwombe bwanji, zitsime za anthu onse ziphwe, chake chinkakhala chodzaza, mpiru wake uli biriwiri. Anthu akamufunsa, iye ankati makolo ake anamukonda.

Chaka china mvula inadula msanga, ngalande yobweretsa madzi kuchokera kumtsinje n'kuchepa mphamvu. Apo m'pamene Nachisale anaona kuti dziwe lake likuthawa madzi. Ankadzaza madzulo, m'mawa latsika. Ankadzazanso, m'mawa latsika. Anazungulira khoma lonse kufuna podontha, osapaona.

Tsiku lina Chindevu anatulutsa mutu.

"Mayi, msana wanga wayamba kupsa ndi dzuwa," anatero. "Pansipa pali chimene chikumwa madzi, ndipo si ine."

Nachisale anadziwa kuti palibe kuchitira mwina. Dziwe linafunika kuphwetsa lonse, kukumba, n'kumata mwatsopano. Nanga nsomba zikhala kuti? Mumtsuko sizingakhale, zingafe ndi kutentha. Kumtsinje zingapite osatsanzika. Anapita kwa mnzake uja n'kumufotokozera zonse. Zelesi poyamba anayesa kumuletsa. Anati ntchitoyo ndi ya amuna, anati adikire mvula, anati mwina ndi dzuwa chabe likumwa madziwo. Ataona kuti Nachisale watsimikiza, anati chitsime chake chilipo.

"Anjira, ndisungireni nsombazi mpaka nditamata dziwe," anatero Nachisale. "Ndilibe china pa dziko pano."

"Ndisunga, anjira. Ngakhale imodzi siwonongeka."

Ndiye kunali kututa. Nachisale ankakokolola nsomba ndi dengu, kuziika mumtsuko wa madzi, kusenza, kudutsa pa nthochi, kukhuthulira m'chitsime. Kubwerera, kukokolola, kusenza, kukhuthula. Chindevu mumtsuko sanakwane. Anachita kumubereka kumbuyo ngati mwana, mchira ukukwekwereza pansi, iye akudandaula njira yonse kuti nsalu yamufinya ndevu.

Zitatha zonse, Zelesi anavundikira chitsime ndi masamba a nthochi. Anati akuopa akakowa ndi ng'azi. Anatinso nsomba zachilendo sizifuna kusuzumiridwa, zikaona nkhope ya mwini wake zimayamba kusowa kwawo n'kuwonda. Nachisale anaona kuti n'zoona, pakuti ngakhale mwana wosiyidwa kwa azakhali amalira akaona mayi ake akudutsa. Choncho m'mawa uliwonse ankangofika pa nthochi, kupereka madeya kwa Zelesi, n'kubwerera ku ntchito.

Ntchito yake sinali yamasewera. Anachotsa matope onse apansi. Anatseka maenje a nkhanu, nkhanuzo zikumuloza ndi zala. Anasenza dothi la pachulu, lija lomata bwino, kulithira madzi, kuliponda ndi mapazi, kulipaka pa khoma, kulisinja ndi musi kuti lilimbe. Kuponda, kupaka, kusinja. Kuponda, kupaka, kusinja. M'manja munatuluka matuza, matuzawo n'kuberekanso ana awo.

Dzuwa likafika pamutu, Zelesi ankabwera ndi mbale ija, muli chinangwa chophika ndi nsomba yowamba. Ankati nsombazo wamutumizira mlamu wake wa kuchigwa. Nachisale ankadya mpaka kunyambita zala, akuthokoza kuti anthu ena ali ndi alamu abwino. Akafunsa za ana ake a m'chitsime, Zelesi ankati ali phee, sakuvuta n'komwe. Nachisale ankaika matimati m'mbalemo n'kuibweza, mtima uli m'malo.

Masiku anapita. Atafika pa ngodya ya kumunsi, khasu linagunda chinthu cholimba. Anayesa mwala. Anafukula ndi manja, n'kupeza nsungwi yoboola mkati, italowa pansi pa khoma, italunjika ku nthochi.

Nachisale anaima n'kuyang'ana kumene nsungwiyo inkaloza. Mtima wake unakana. Anati mwina malemu amuna ake ndiwo anaiika, aiwala kumuuza. Anati mwina inabwera ndi madzi osefukira. Kenaka anapukuta matope kukamwa kwa nsungwiyo. Panali patamangidwa kansanza kosefera, kuti nsomba zisalowemo n'kutseka njira ya madzi. Anakatsuka. Kansanzako kanali ka maluwa achikasu.

Anakhala pansi m'matope momwemo. Sanalire. Anakumbukira mpiru wobiriwira uja, anakumbukira makolo okonda mwana wawo aja. Zaka zonsezi iye ankatsegula ngalande, kudzaza dziwe, osadziwa kuti akuthirira dimba la wina. Chikhala kuti anangopempha, anatero mumtima, bwenzi nditamukumbira ngalande ndi manja angawa.

Koma anaganiza za nsomba. Anati madzi ndi madzi, apita apita. Munthu amene akundisungira ana ndimukhululukira, nkhaniyi tidzakambirana pambuyo. Anazula nsungwiyo, anadula kachidutswa kokhala ndi kansanzako n'kukabisa m'munsi mwa dengu, dzenjelo n'kulitseka ndi dothi la pachulu. Anasinja pamenepo kuposa pena paliponse.

Khoma litagwira, anatsegula ngalande. Madzi analowa pang'onopang'ono mpaka dziwe linadzaza. M'mawa sanatsike. M'mawa winawo sanatsike. Nachisale anasenza mtsuko wake, ulendo kwa anjira.

Anapeza chitsime chili chovundukula. Pansi panali matope okhaokha ong'aluka. Zelesi anali atakhala pamthunzi, pafupi ndi thandala lakuda ndi utsi, nkhuku zake zitanenepa ngati abakha, zikujompha madeya.

"Anjira, dziwe latha. Ndabwera kudzatenga nsomba zanga."

Zelesi sanadzuke msanga. Analowa m'kachisakasa, n'kutuluka ndi dengu lovundikira, n'kuliika pamapazi a Nachisale. Nachisale anavundukula. Munali makumba owamba, ouma gwa, maso ali tong'o, ndipo dengulo silinadzaze n'komwe.

"Ichi n'chiyani?"

"Nsomba zanu. Munati ndisunge, ndasunga. Zimenezi zitha kufika mpaka dzinja osaola."

"Ndinati mundisungire, anjira."

"Nanga nsomba amasunga bwanji? Chimanga timasunga chouma. Mfutso timasunga wouma. Simunanene kuti muzidzazifuna zikupuma."

Ndiye Zelesi anayamba kuyala mawu. Anati chitsime chinayamba kutsika tsiku lomwe dziwe linaphwa, iye sakudziwa chifukwa chake. Anati timadzi totsalato sitikanakwanira nsomba ndi mpiru womwe, ndipo mpiru sungawambidwe. Anati anachita zonsezi pofuna kuthandiza. Chimene sananene n'chakuti akanapita kukamuuza mnzake kuti chitsime chikuphwa, mnzakeyo akanafunsa kuti chikuphweranji.

Nachisale anayang'ana dengu losadzaza lija nthawi yaitali.

"Nanga mlamu wanu wa kuchigwa uja," anafunsa motsitsa mawu, "ali bwanji?"

Zelesi anayang'ana zala za kumapazi.

"Ndimayenera kulawa kuti ndione ngati zauma," anatero. "Inunso munalawa nawo. Munati n'zokoma."

Apo Nachisale anazindikira kuti nsomba zimene ankadya masana zija zinali zake zomwe. Anasiya dengu pomwepo, anasiya mtsuko pomwepo, n'kubwerera kwawo osatembenuka. Tsiku limenelo sanayatse moto.

M'mawa mwake miyendo inamutenga yokha kupita kudziwe, lichero la madeya lili m'manja, pakuti chizolowezi sichimva kuti zinthu zasintha. Dziwe linali lodzaza, lokongola, losadontha, lopanda kanthu. Anaima pa khoma limene anasinja ndi manja ake n'kuyamba kuyimba:

Bwerani, ana a m'madzi,
madeya afika,
wochedwa adya thovu.

Madzi anangoti zii. Madeya anayandama okha.

Kenaka udzu wa mame unayamba kugwedezeka cha ku nthochi. Unagwedezeka, unaleka. Unagwedezekanso. Nachisale anatola mtengo poyesa njoka. Zinayamba kutuluka ndevu, ndevu, ndevu, pambuyo pake mutu. Anali Chindevu, akukwawa ndi mimba, atawonda ngati lamba, thupi lonse matope, koma masaya atatupa uku ndi uku.

Nachisale anamuthamangira. Anamufunsa kumene anali, anamufunsa mmene anapulumukira, anamufunsa chimene chamutupitsa masaya. Chindevu, mlamba wolongolola uja, ankangoti, "Mmm." Anamufunsanso. "Mmm." Nachisale anaganiza kuti wadwala mano. Anamunyamula n'kumutsitsira m'madzi bwinobwino.

Chindevu anamira, anazungulira dziwe kuona ngati madzi ali enieni, kenaka anatsegula kukamwa. Munatuluka tiana ta makumba. Tinatuluka, tinatuluka, tinatuluka, ngati utsi wa udzu wauwisi, mpaka madzi anada. Ndipo tonse tinathamangira madeya aja.

Atapuma, Chindevu anafotokoza. Anati tsiku limene Zelesi anabwera ndi dengu, nsomba zazikazi zinaona kuti kwatha. Zinayang'ana uku ndi uku, wina wothawira kunalibe, koma iye yekha amene amatha kudzikwirira m'matope. Zinabwera imodziimodzi, zikulavulira ana awo m'kamwa mwake, iliyonse ikuti, tisungire. Iye anatseka pakamwa n'kulowa pansi pa matope. Anakhala m'menemo osadya, osayankhula, mpaka atamva nyimbo ija.

"Iwe Chindevu," anatero Nachisale, misozi tsopano ikutsika, "iwe amene umameza ana a anzako?"

"Mayi, amene aja amakhala osochera. Awa anachita kundisungitsa. Sindinameze ngakhale malovu."

"Ngakhale kamodzi?"

Chindevu anapotokola ndevu. Anati panjira anayetsemula, ndiye kamodzi mwina kanalowa kolakwika, koma kameneko kanali kosamva.

Kukamwa kwake sikunabwererenso mwakale. Ndicho chifukwa chake mpaka lero mlamba uli ndi kamwa lotambalala ndi mutu wophwatalala. Mukadzaugwira mudzauyang'ane, mudzandiuza ngati ndikunama.

Tsiku lomwelo Nachisale anatsuka mbale yadothi ija, imene inatsalira kwa iye. Anaikamo kachidutswa ka nsungwi kaja, kansanza ka maluwa achikasu kali pompo, n'kuvundikira ndi tsamba la nthochi monga ankachitira nthawi zonse. Anapeza mnzake uja ataima pakati pa mpiru umene unali utayamba kugwetsa makutu.

"Zelesi," anaitana.

Zelesi anadzidzimuka. Chipanganirane chinjira, dzina lake anali asanalimve m'kamwa mwa Nachisale.

"Mbale yanu iyi. Sinabwere yopanda kanthu."

Zelesi anavundukula tsamba. Anayang'ana nsungwi, anayang'ana kansanza.

"Anjira," anayamba.

"Dzina langa ndi Nachisale."

Anatembenuka n'kudutsa pa nthochi, ndipo kanjira kameneko kanamera udzu. Chitsime cha makolo chija sichinadzazenso. Tiana tija tinakula, dziwe linayambanso kuwira m'mawa uliwonse. Koma anthu amati Nachisale sanadyenso nsomba yowamba mpaka kukalamba kwake, ndipo akamva mayi wina akuitana mnzake kuti "anjira," ankangowerama n'kupitiriza kupeta madeya.

Nthano yanga ndamata, ndasinja, siikudonthanso, yathera pompa. Inu ana, mukamasungitsa chinthu chamoyo, muziyang'ana mtima wa wosungayo, osati kukoma kwa pakamwa pake.