Galu wa Mayi Wamasiye

Panali mayi wina amene ankakhala m'nyumba ya kampani pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mwamuna wake anali dalaivala wa pa esitetipo. Bamboyo atamwalira anasiya mkazi, anasiya katundu wa m'nyumba, anasiyanso galu.

Galuyo sanali ngati agalu athu a m'mudziwa, oti ukangowerama ngati ukutola mwala, iwo apinda kale mchira. Anali wa mtundu uja wa agalu apolisi, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wakuda pamsana, makutu ali njo. Dzina lake anali Namondwe. Malemuwo anamutenga ali kamwana, namuphunzitsa kukhala pansi, kudikira chakudya, ndi kubwera akamva likhweru. Pakhomopo wakuba sankapondapo. Ndipo maliro atatha, anthu onse atabalalika, Namondwe yekha ndi amene ankakhalabe pachipata dzuwa likapendeka, kudikira mbuye wake kuti aweruke. Mayiyo akamuona choncho ankadziwa kuti sakulira yekha.

Koma Namondwe anali ndi khalidwe lina lobadwa nalo. Chilichonse chothamanga ankachithamangitsa. Nkhuku ikathamanga, iye pambuyo. Njinga ikadutsa, iye pambuyo. Sikuti anali woipa mtima ayi. Ndi mmene mtundu wake ulili: magazi amangomuuza kuti chothawa chigwidwe. Tsiku lina, bamboyo akadali moyo, chipata chinatsala chotsegula. Mwana wa aneba anaona galuyo, nachita mantha, nayamba kuthawa. Namondwe anamupeza, namugwira mwendo ndi mano. Mwanayo anakasokedwa kuchipatala. Bala linapola, koma chipsera chinatsala.

Tsopano a kampani anauza mayiyo kuti pakutha pa mwezi atuluke m'nyumbamo, mukufunika kulowa dalaivala watsopano. Kopita kunalipo, kwa mwana wake wamkazi ku Bangwe. Koma kumeneko inali nyumba ya lendi, mumpanda umodzi ndi mabanja ena, ana ali piringupiringu pabwalo. Eni nyumba ananeneratu kuti galu ayi.

Mayiyo anayamba kufunafuna munthu woti amutenge Namondwe. Anabwera bambo wina wa golosale. Galuyo anamusangalatsa. Mayiyo atafotokoza za mwana wa aneba uja, bamboyo anati, "Ndikaganize kaye," ndipo sanaonekenso. Anabwera mphunzitsi wina. Nayenso atamva nkhaniyo anapukusa mutu, nati, "Pepani mayi, kwathu ana ndi ambiri."

Mchimwene wa malemuwo, amene ankathandiza kulongedza katundu, anapsa mtima.

"Mlamu, pakamwa panupo ndi pamene padzaphe galuyu," anatero. "Wogulitsa mbuzi sanena kuti imalowa m'minda ya eni. Akapanda kupezeka womutenga, ine ndipita naye kwa a zaziweto akamubaye jekeseni yoti asadzukenso."

Mawuwo anakhala mumtima mwa mayiyo.

Mwezi uli pafupi kutha, kunabwera a Namakhwa, mlimi wa tomato ndi kabichi wa ku Bvumbwe, amene akuba anali atamusautsa kudimba. Anabwera pa kagalimoto kawo kakale, pamodzi ndi akazi awo ndi kamdzukulu kawo kakakazi, kamwana koti kuyenda sikadziwa, kamangodziwa kuthamanga.

Tsiku limenelo Namondwe anali pa tcheni, ndipo anaonetsa ulemu wake wonse. Atauzidwa kuti akhale pansi, anakhala. A Namakhwa atatambasula dzanja, analinunkhiza, nagwedeza mchira.

"Ali ndi vuto lililonse?" anafunsa a Namakhwa.

"Ameneyu ndi nkhosa, bambo," anayankha msanga mlamu uja.

Mayiyo anayang'ana pansi. Bodza sananene iye. Anangokhala chete.

Anamukweza Namondwe kumbuyo kwa galimoto, nammangirira bwinobwino. Akuluakulu ali mkati motsanzikana, kamwana kaja kanapulumuka m'manja mwa agogo ake, n'kuthamanga kuzungulira mtengo wa mapeyala, kakuseka. Ena onse anaseka nako. Koma mayiyo anayang'ana galu. Anaona makutu aimirira, thupi lauma, mutu watsika, maso akutsatira timiyendo tija. Chizindikiro chimenecho palibe wina ankachidziwa pamenepo koma iye yekha.

Mwana anakwezedwa. Zitseko zinatsekedwa. Galimoto inalira, niyamba kuyenda. Galu wake anali atapulumuka. Chimene chinatsala n'kungoimika dzanja, kutsanzika.

Mayiyo anathamanga, chitenje chikumukola m'miyendo, namenya galimotoyo ndi chikhatho.

"Imani, bambo! Pali chimene sindinanene."

Ananena zonse. Za chipata chotsegula, za mwana wothawa, za mwendo wosokedwa. Sanachepetse, sanakometse. Mayi Namakhwa anakumbatira mdzukulu wawo mwamphamvu. Kenaka a Namakhwa anatsika, namasula galuyo, napereka tcheni m'manja mwa mwini wake.

"Zikomo, mayi," anatero. Ndipo anapita.

"Mwamupha nokha," anatero mlamu uja, nalowa m'nyumba.

Abale anga, musaganize kuti mayiyo anamva kukoma mumtima. Anakhala pakhonde, mutu wa galu uli pamiyendo pake, osadziwa ngati wachita bwino kapena wachita zopusa. Masiku anapita. Makatani anatsika m'mawindo, mbale zinalowa m'makatoni. Uthenga wochokera ku Bvumbwe kunalibe.

M'mawa wa tsiku losamuka, mlamu uja anafika atanyamula chingwe. Mayiyo anapatsa Namondwe chakudya chake chomaliza, naima pambali kumuonerera akudya. Ali chiimire choncho anamva galimoto ikukwera kamtunda ka kunyumbako, ikutsokomola. Anatsikamo a Namakhwa okha. Manja awo anali okalikakalika, zala zina zomangidwa ndi tinsanza.

"Pepani mayi, wandichedwetsa ndi mpanda," anatero.

Anafotokoza kuti atachoka tsiku lija anakagula waya, nazunguliza dimba lonse, naika chipata chokhoma. Anakafunsa kwa bambo wina amene kale ankasunga agalu a mtundu umenewu, ndipo bamboyo anawauza kuti galu wotere amafuna ntchito ndi kuthamanga tsiku lililonse, apo ayi ntchitoyo amaipeza yekha. Ana onse a pakhomo anawaphunzitsa lamulo: kudimba salowa mwana wopanda wamkulu, ndipo galu akakuyang'ana, ima, usathawe.

"Mukanakhala chete, ndikanamumasula pabwalo tsiku lomwe lija," anatero a Namakhwa. "Akanaluma mdzukulu wanga, ndikanamupha ndi manja angawa. Koma galu amene ndikumudziwa ndikhoza kumusunga."

Namondwe anapita ku Bvumbwe. Mayiyo analira pomutsanzika, mlamu uja napinda chingwe chake mwakachetechete. Khalidwe lija silinathe ayi. Mpaka kukalamba kwake, kanthu kakathamanga makutu ankaimirira. Koma m'mawa uliwonse ankathamanga pambali pa njinga ya a Namakhwa mpaka lilime kutuluka, ndipo pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kuti mbuye wake akati "Basi," ndiye kuti basi. Akuba anasiya kulowa m'dimbamo. Kamwana kaja kanakula miyendo yake ili yosalala.

Tsono tanthauzo lake ndi ili, abale ndi alongo. Aliyense wa ife ali ndi chake chimene chimadzuka mumtima mwadzidzidzi. Wina ndi ukali, wina ndi nsanje, wina ndi botolo, wina ndi diso losakhazikika. Ena mwa ife tinaluma kale munthu, ndipo chipsera akuyenda nacho mpaka lero. Koma tikafika pamaso pa Mulungu timakhala pansi mwaulemu, tavala zoyera, n'kumayembekeza kuti atilandira asanafunse zambiri. Timaopa kuti tikanena zonse atitsitsa, atisiya panjira.

A Namakhwa sankadziwa, anachita kuuzidwa. Mulungu akudziwa kale. Poulula sitimuuza nkhani yachilendo, timangovomera kuti atisunge monga tilili, atiikire malire, atiphunzitse kumva mawu ake. Chobisika chimadikira tsiku lake, ndipo amene chimamuluma nthawi zambiri ndi wosalakwa wa m'nyumba mwathu momwe.

Mwina munanenapo zoona, ndipo chimene munaona ndi anthu akukufulatirani. Mwina mpaka lero kuli zii. Musafulumire kunena kuti mwatayidwa. Amene akukonza malo oti mukakhalemo sachita phokoso.

Choncho musatuluke m'kachisi muno mutangoimika dzanja. Chimene mwakhala mukuchimeza chija, chineneni lero, wina asanalumidwe.