Kapitawo Amene Chingerezi Chinkangomutuluka

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, manejala ankapereka pepala kwa akapitawo Lolemba lililonse. Papepalapo ankalemba matanthauzo, iwo azipeza mawu ake a Chingerezi. Wokhoza bwino ndiye ankayenera kukwezedwa.

Kapitawo Makwinja anaitana Dafuleni, wothyola tiyi amene ankaphunzira akaweruka.

"Iwe, uzindiyankhira. Ukakana ntchito yatha, khanda lakolo lizikayamwa mphepo."

"Chabwino, bwana," anatero Dafuleni.

Kwa masabata atatu Dafuleni anamuyankhira zonse molondola. Lachinayi lina, anthu onse ali pa sikelo yoyezera tiyi, Dafuleni anavula chipewa pamaso pa manejala.

"Bwana, akapitawo athuwa mukuwachedwetsa ndi mapepala. Chingerezi chimangowatuluka pakamwa. Tangotchulani tanthauzo mumve nokha."

Manejala anakondwa. Anafunsa m'Chingerezi dzina la chinthu chokwerera padenga. Makwinja anatsokomola. Anafunsanso za nyama yopereka mkaka. Makwinja anayang'ana mitambo ngati mvula ili pafupi.

"Yesi, bwana," anayankha pomaliza.

Amayi othyola tiyi anabisa nkhope m'madengu.

"Nanga mapepala aja amalemba ndani?" anafunsa manejala.

"Ine ndimangogwira cholembera, bwana," anatero Dafuleni. "Nzeru zonse ndi zawo."

Lolemba lotsatira Makwinja anali m'munda, dengu kumsana. Kapitawo watsopano, Dafuleni, anadutsa n'kumufunsa mwaulemu: "Achimwene, chimene mwaberekacho pa Chingerezi amati chiyani? Musafulumire, muli ndi tsiku lonse."