A Lumo Aima Chadodolido

Shopu ya a Lumo inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi kalipentala. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira imene inkadzaza ngakhale ndi anthu a dazi, obwerera nkhani chabe. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Msewu wonse unkawaitana ndi chida chawo. Zaka makumi atatu akumeta, ankanyadira kuti dzanja lawo silinatemepo khutu la munthu.

"Bwana ndi wantchito wake, onse amandiweramira ine," ankatero, a pabenchi n'kuseka chikhakhali.

M'mawa wina, ali mkati mopala ndevu za kasitomala, lumo linawapulumuka n'kugwera pansi. Anawerama kuti alitole, dzanja lamanja linakana. Anafuna kuphimba manyazi ndi nthabwala, koma pakamwa panali patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, kuthamanga kwa magazi kwaphulitsa kamtsempha m'mutu. Anatulukako patatha milungu itatu, mwendo akuukoka ngati thumba la mchenga, dzanja lili lende.

Mwana wawo wamkazi ndiye anamva za yoga, masewero otambasula thupi ndi kupuma mwadongosolo. Kuseri kwa laibulale kunali holo, kumene mayi wina wopuma pa unamwino ankaphunzitsa Lachiwiri ndi Lachisanu.

"Ine ndi imvi zangazi ndikagubuduke pansi ngati mwana wa mphaka?" anakana a Lumo.

"Bambo, kugubuduka mukugubuduka kale mukamapita kubafa," anayankha akazi awo. "Kusiyana kwake n'koti kumeneko kuli wokuyang'anirani."

Anapita, pakamwa ali tolotolo kung'ung'udza.

Aphunzitsiwo anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, wosadziwa kufulumira. Tsiku loyamba anangowakhazika a Lumo pampando n'kuwauza kuti apume mpweya, aumve ukulowa, aumve ukutuluka. Kenako kutambasula zala, chimodzichimodzi. Pomaliza kalasi ankakhazika onse pansi n'kuyankhula pang'ono.

"Mu yoga muli mawu akuti santosha," anatero tsiku lina. "M'chiyankhulo chathu tingati kukhutira. Ndiko kulandira ndi manja awiri chimene uli nacho lero. Si ulesi ayi. Munthu wokhutira amalima ndithu, koma satukwana munda wake poona wa mnzake. Chimwemwe chimamera pamenepo. Kopanda kukhutira, ngakhale uthire feteleza, sichimera."

A Lumo anagwedeza mutu pamodzi ndi anzawo, monga amachitira munthu pa ulaliki wonena za ena.

Thupi linayamba kubwerera. Mwezi wachitatu ndodo anaisiya kuseri kwa chitseko. Wachisanu anamanga okha mabatani a malaya, akazi awo n'kutuluka panja kukalira kuti asawaone. Mwezi wachisanu ndi chitatu anatsegulanso shopu. Ankameta mitu inayi kapena isanu patsiku, ndi makina okha, poti lumo la ndevu adokotala anati liyambe ladikira. Anthu ankati n'chozizwitsa. Telala anabwera kudzametetsa tsitsi limene linali lisanakule n'komwe, kuti angowaona ataima kumbuyo kwa mpando.

Koma chimwemwe cha a Lumo chinali madzi otungira m'lichero. Atasiya ndodo anakondwa masiku awiri, lachitatu n'kuyamba kudandaula kuti akutsimphina. Kutsimphina kutachepa anadandaula za lumo. Ndipo chinalipo china chimene chinkawabaya kuposa zonsezi. Anthu a pabenchi ankawayankhula motsitsa mawu. Akanena nthabwala ankaseka msanga, nthabwala isanafike pokoma, kuseka kwa chisoni. Wina ankati akalowa, "Odwala athu mwadzuka bwanji?" Mawu amenewo ankawatsata mpaka kunyumba, n'kukhala nawo patebulo.

M'kalasi muja munali bambo wina, msilikali wopuma, amene onse ankamutcha a Sajeni. Anali wamkulu kwa a Lumo ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wowuma ngati mtengo wa khasu. Kalasi ikamatha ankapinda bulangete pakati pa holo, n'kuikapo mutu, miyendo n'kukwera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka kuima chadodolido, njo ngati mzati, osatsamira kanthu. Ena ankaombera m'manja. A Lumo ankameza malovu owawa.

Tsiku lina anatsalira anzawo atatuluka.

"Aphunzitsi, chija cha a Sajeni ndiyamba liti?"

"Chimene chija si chanu, bambo."

"Mwezi wamawa kapena?"

"Ngakhale chaka chamawa. M'mutu mwanumo mtsempha unaphulikamo kale. Mukadzitembenuza, magazi onse athamangira komweko. Mukhala mukuitana mlendo amene anakusiyani ndi moyo mwa mwayi."

"Ndiye tinene kuti ndachira kapena sindinachire?"

Aphunzitsi anasiya kupinda mabulangete n'kuwayang'ana. "Lero mwabwera wapansi. M'mawa mwameta anthu. Kunyumba mukadya ndi dzanja lanu. Chikusowa n'chiyani?"

"Munthu wathunthu," anatero a Lumo, n'kutenga chipewa chawo.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likafika paliwombo ankatseka shopu ndi loko wa mkati, n'kukoka katani. Ankapinda thaulo pafupi ndi khoma loyang'anana ndi galasi, kugwada, kuika mutu, n'kuyesa kuponya miyendo. Masiku oyamba mwendo umodzi wokha ndiwo unkanyamuka. Akadzuka m'maso munkathwanima tinyenyezi, m'makutu mukulira ngati makina ometera. Ankakhala pabenchi mpaka chizungulire chitatha, n'kutsegula chitseko ngati palibe chachitika. M'maganizo mwawo ankaliona kale tsikulo: iwo pakati pa holo, miyendo m'mwamba, aphunzitsi atagwira pakamwa, ndipo mawu oti odwala atafera pomwepo.

Mkazi wokhala naye zaka zambiri sabisidwa kanthu. Tsiku lina a Lumo atangokhala pansi kuti avule nsapato, akazi awo anawagwira pamutu.

"Bambo, tsitsi la makasitomala limagwera pansi. Lafika bwanji pamutu panu penipeni? Nanga maso ofiirawa?"

"Ndinawerama posesa."

"Munayamba liti kusesa ndi mutu?"

Akazi awo anakhala pampando wina, manja ali pamiyendo.

"Aphunzitsi anandiuza zimene munawafunsa. Ine ndinakusambitsani miyezi itatu ngati khanda, sindinadandaule, ndipo sindikudandaula. Koma chonde musandibwezere kumeneko. Mwamuna amene ndili nayeyu, wotsimphina yemweyu, ine wandikwanira."

"Wakukwanirani inuyo, mayi," anayankha a Lumo. "Ine sanandikwanire."

Linali Lachitatu pamene miyendo yonse iwiri inakwera, zidendene n'kugunda khoma. M'galasi anaona munthu wa imvi ataima chadodolido, malaya atagwera kukhosi, nkhope ili biii ndi magazi, koma ataima. Mtima wawo unavina. Anatsika, n'kukhala pansi akupuma wefuwefu, akuseka okha. M'makutu munkalira kuposa masiku onse.

Apa mpamene akanadzuka, kusasa thaulo n'kutsegula chitseko. Koma chisangalalo chisanafike n'kumapazi komwe, kamawu kanawanong'oneza: a Sajeni satsamira khoma.

Anakankhira mpando wometera pambali n'kukokera thaulo pakati pa chipinda. Anagwada, anaika mutu, n'kuponya miyendo ndi mphamvu zonse. Miyendo inakwera, sinapeze poima, inapitirira. Dzanja lamanja linafooka ngati chingwe chonyowa. Anamenyetsa msana pasimenti, phi! Ndipo m'kati mwa mutu anamva kanthu kakuphulika, kosapweteka n'komwe, kenako kutentha kukuyenderera kuseri kwa diso.

Anagona choncho, maso ali kudenga, kumene fani inkazungulira mosalabadira. Anamva akazi awo akugogoda, atabwera ndi chakudya chamasana. Anamva akuitana, "Bambo! Bambo!" mawu akukwera. Anafuna kuyankha kuti ndili pano, tadikirani, koma lilime linali ngati la munthu wina. Anamva kontena ikugwa panja, mapazi akuthamanga, kenako nyundo ya kalipentala ikuswa loko.

Ulendo uno anachoka kuchipatala atanyamulidwa ndi anthu anayi. Mbali yonse ya kumanja inali itafa, ndipo adokotala, amene poyamba paja ankati tiyeni tiyesetse, tsopano ankangoti tiyeni tiwasamale. Bedi analisamutsira pabalaza, pafupi ndi zenera, kuti azionako anthu odutsa. M'shopu muja munalowa wokonza mafoni. Mwana wawo wamkazi anasiya kuwayang'ana m'maso, poti mumtima ankadziimba mlandu kuti ndiye anawatengera ku holo kuja, ndipo iwo analibe pakamwa pomuuzira kuti mlandu si wake.

Aphunzitsi anabwera kudzazonda. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangokhala m'mphepete mwa bedi, kugwira dzanja lamanzere, n'kupuma nawo limodzi kwa kanthawi. Kusadzudzulidwako kunawawawa a Lumo kuposa mbama.

Patapita masiku kunabwera a Sajeni, chipewa chili m'manja. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana akazi a a Lumo akutembenuza mwamuna wawo, kuwapukuta kumsana, kuwaikira pilo. Mayiwo atapita kukhitchini, msilikali uja anasendeza mpando.

"Achimwene, akuti munkafuna kufanana ndi ine," anatero motsitsa. "Mukanandifunsa. Ine mkazi anandisiya kalekale, ana sandiimbira foni. Ndimaima ndi mutu chifukwa kunyumba kwanga kulibe wondiyankhula, ndiye nthawi ndili nayo yambiri. Inu Lachiwiri lililonse mayiwa ankakuperekezani mpaka pakhomo la holo, n'kukukonzani kolala. Ine ndinkaona zimenezo ndili chadodolido, n'kumati, koma bambo awa ndiye anadala."

A Lumo anatsegula pakamwa. Zoti anene zinali zodzaza chifuwa. Koma matenda anali atawalanda mawu onse n'kuwasiyira limodzi lokha, limene ankaitanira kasitomala wotsatira akamaliza kumeta mnzake.

"Wina," anatero.

A Sajeni anatembenuka kuyang'ana kuchitseko, kuyesa kwabwera munthu. Kunalibe.

Liwu limenelo ndilo linakhala moni wawo, ndilo zikomo, ndilo pepani. Akamva ludzu, wina. Akamva kuwawa, wina. Akazi awo ankawadyetsa ndi supuni, n'kumawapukuta pachibwano, ndipo mbale ikafika pakati ankafunsa monga mwa masiku onse:

"Mwakhuta, bambo?"

A Lumo ankafuna kunena kuti eya, ndakhuta, mayi, ndipo ndinali wokhuta kalekale, kungoti sindinkadziwa. Ankalimbana nalo lilime mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, misozi n'kutsikira m'makutu.

"Wina."

Mayiwo ankatapanso supuni ina.

Amene munali ndi mwayi wodzuka lero n'kuponda pansi ndi mapazi anu, musafulumire kuwaseka a Lumo, poti kamawu kamene kanawanong'oneza kaja tonse timayenda nako. Nthambi imene wagwira imaoneka yopanda zipatso ukamayang'ana ya patsogolo, ndipo ya patsogoloyo nayo ili ndi inzake. Akuluakulu anaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.