Nyani Akhalira Thumba la Njereza

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ife, patsinde pa phiri panali nyumba imodzi ya njerwa. Tili limodzi? Nyumbayo inali ya mayi Nungu. Anaimanga agogo awo. Mayiwo anabadwira momwemo, ana awo asanu anabadwiranso momwemo. Koma inakalamba. Khoma la kum'mawa linang'aluka mpaka dzanja kumalowa.

Anabwera Nyani, mmisiri wodzitama, thumba la simenti lili paphewa.

"Mayi, musadandaule. Lero lomwe ndimaliza."

Anamata, anamata, anamata, dzuwa lisanapendeke anali atasamba m'manja. Koma njerwa zakale n'zofewa, zimamwa madzi n'kuwatulutsa. Simenti inatseka njira ya madziwo. Dzinja limodzi lokha, chinyezi chinafumbutula njerwa kuseri, chigamba chonse chinagwa pansi chitatenga ndi njerwa zomwe. Mayi Nungu analira, chifukwa anadziwa kuti mvula yotsatira idzagwetsa nyumba.

Kenaka panatera Namzeze, kambalame kodziwa kumanga.

"Amayi, khoma lakale limapuma ngati inu ndi ine," anatero. "Likufuna njereza, yomwe anamangira agogo anu. Koma njereza sakakamiza."

Nyama zinatuta miyala yoyera kuphiri, n'kuiotcha mu uvuni masiku atatu. Nyani anadutsa.

"Mukuphika miyala? Ndiwo zake n'chiyani?"

Anaseka n'kumapita. Nyani ameneyu sankakhala pamodzi mpaka chinthu chithe. Akanadikira, akanaona zoti akasimbe. Miyala itazizira, anaiika m'dzenje. Namzeze anati aliyense aime patali, ndipo anathiramo madzi. Miyala inalira kuti tswee, madzi anawira popanda moto, nthunzi inati tolo! Miyala yonse inasanduka phala loyera. Ana a Nungu anavina mozungulira dzenje.

Nyani anadutsa kachiwiri. Anapeza phala lija lili phee pansi pa madzi.

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Njereza igone mwezi wathunthu, a Nyani," anayankha Namzeze.

"Mwezi? Ine ndikanamanga mudzi wonse."

Anaseka n'kumapita.

Mwezi utatha, anasakaniza phala lija ndi mchenga wa kumtsinje. Namzeze analowetsa dothi lakelo pakati pa njerwa, mzere ndi mzere, mayi Nungu akulitsendera ndi munga wawo. Madzulo anafunditsa khoma ndi masaka onyowa kuti lisaume mofulumira. Nyani anadutsa kachitatu.

"Khoma mwalifunditsa? Lili ndi malungo?"

Anavundukula saka kuti aseke bwino, koma kuseka kunamuthera. Mng'alu kunalibe. Ntchito inali yokongola, ndipo njiru inamugwira.

Tsopano kunatsala chimodzi: kupaka khoma njereza kuti madzi azitsetsereka. Popanda kutero, dothi lanthetelo mvula yamphamvu ikanalikokolola. Pokonzekera ntchito imeneyi, anali atasunga thumba limodzi la miyala yootcha, youma, yosathira madzi. Nyani analiona pakhonde. Anati mumtima, "Ndikalibisa ili, khoma ligwa, ndipo adzandifunanso ine." Analinyamula. Koma atangofika pabwalo, anamva mayi Nungu akufuula kuti thumba lasowa. Kothawira kunalibe. Analiponya pansi n'kulikhalira, n'kuyala mchira pambali.

Kumwamba mitambo inali itada bii. Mayi Nungu anathamanga uku ndi uku, mtima uli m'mwamba. Namzeze anatera pa chitsa, n'kumuyang'ana Nyani.

"A Nyani, thumba lathu simunalione?"

"Sindinalione."

Mvula inayamba kudontha.

"A Nyani, bwerani pakhonde, munyowa."

"Ine mvula ndimaikonda."

Mvula inalimbika. Madzi anayenderera pabwalo, n'kulowa pansi pa Nyani. Nyani anasuntha thako ili, anasuntha thako linali, thukuta lili kamukamu mvula ikugwa.

"A Nyani," anatero Namzeze, "nanga utsi ukutuluka pansi panuwo ndi wa chiyani?"

"Utsi wake uti?"

Thumba linalira kuti tswee. Nyani analumpha kuposa denga la nyumba, akukuwa kuti, "Mayo ine, ndapsa!" Anathamangira kumtsinje atagwira kumbuyo, ubweya wonse utatsala pa thumba. Nyama zinaseka mpaka kugwa m'matope. Ine ndemwe ndikanakhalapo, chisoni sindikanamva.

Mvula ija inali chizimalupsa chabe, ndipo masaka anateteza khoma. Miyala ya m'thumba inali itasanduka kale phala, Nyani atailondera yekha. M'mawa anaisungunula ndi madzi, n'kupaka katatu, masiku atatu. Nyumba inayera kuti mbee. Mvula yeniyeni itafika, mayi Nungu ndi ana awo anakhala m'kati mouma, akumvetsera ikugunda khoma n'kutsetsereka.

Nyani ubweya sunamerenso. Mukamuona lero, muyang'aneni kumbuyo: n'kofiira, n'kopanda kanthu, ndipo akafuna kukhala amayamba wacheuka.

Ndiye mumve: chinthu chakale chimakonzedwa ndi zimene chinamangidwira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosadikira kuti aphunzire amakhalira moto osadziwa.

Nthano yanga yathera pa khoma loyera. Amene anaika mbatata pamoto akaphule.