Tsiku Limene a Mvuu Anayetsemula

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukunamizira kusinzanu, kudambo kunali sukulu ya ana a nyama. Mphunzitsi wamkulu anali a Mvuu. Wophika phala anali Sakhwi, kambewa ka mphuno yaitali kaja, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, Kamphuno.

M'mawa mwana aliyense ankabwera ndi kaufa kake. Sakhwi ankaphika, ana n'kumamwera chikho chimodzi, uyu akamwa apatsira mnzake. Lotsala mumphika linali la a Mvuu.

Nyengo yozizira itafika, kunagwa chimfine. Anayamba mwana wa Nungu, etsi! Mawa lake wa Gwape, etsi! Pofika Lachisanu kalasi yonse inali kho kho kho, mamina chuchuchu. Paja mwana wodwala safuna phala. Mphika unkatsala wodzaza, a Mvuu n'kumangonenepa.

Sakhwi anakagwada pamaso pa makolo operekeza ana.

"Ahedi, titseke sukulu. Odwala agone kunyumba. Matendawa akuyenda ndi chikho."

A Mvuu anayankhira patali, tsamba la nthochi lili kumphuno.

"Imani pomwepo, mayi a Kamphuno, musandiyandikire! Udokotala munauphunzira kuti? Kachimfine si matenda. Mwana aliyense abwere ndi ufa wake, wojomba ndimuchotsa. Sukulu ino idzatsekedwa tsiku limene denga lidzauluke!"

"Makolo, mwamva?" anafunsa Sakhwi.

"Tamva," anayankha makolo, mitu ili pansi.

Lolemba Kamphuno anadzuka thupi lili moto, akupuma movutikira. Sakhwi analira, ndikukuuzani, chifukwa wina analibe. Kenaka anapukuta misozi, anabereka mwana, ulendo kusukulu.

Tsiku limenelo anaphika phala lapadera, chikho chimodzi chokha, la nsinjiro ndi uchi. Linazungulira odwala onse. Uyu kulawa, etsi! Uyo kulawa, etsi! Linabwerako lili lodzazabe. Sakhwi analinyamula kulowera kudzala, pang'onopang'ono, n'kudutsa nalo kumene mphepo inkawombera a Mvuu.

"Mukupita nalo kuti?"

"Kokataya, Ahedi. Alawa odwala."

"Muli chiyani?"

"Nsinjiro. Ndi kauchi pang'ono. Koma musamwe, chonde, mudwala."

A Mvuu anameza malovu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana chikho.

"Kodi sindinanene kuti kachimfine si matenda?"

Tsamba pansi, chikho kukamwa, kwiti! Ananyambita ndi kunsi komwe.

Panapita masiku awiri. Lachitatu a Mvuu ali pakati pophunzitsa, mphuno inayamba kuwayabwa. Sakhwi, amene ankasuzumira pakhomo, anakuwa: "Ana inu, thawirani panja!"

"Ha... ha... hetsiii!"

Denga lonse fwaa! Linauluka n'kukatera pamkuyu kutsidya, anyani ali balala.

Sakhwi anagwada mwaulemu wake wonse.

"Ahedi, denga lauluka."

Makolo anafika akuthamanga, nthungululu zili pakamwa. "Tinamva ife! Tinamva ndi makutu athu!" A Mvuu anafuna kukana, koma chinatuluka ndi etsi wina, khoma lakumbuyo n'kugwa.

Sukulu inatsekedwa milungu iwiri. Mwana aliyense anagona kwawo, kumwa madzi otentha a mandimu m'chikho chakechake, kusamba m'manja asanadye. Chimfine chinasowa kolowera, chinatha. Tsiku limene Kamphuno anapempha phala kachiwiri, Sakhwi anavina mpaka fumbi koboo. Makolo anafolera denga latsopano, anaboola mawindo aakulu, ndipo ana anabwerera aliyense chikho chake chili m'khosi.

Nanga a Mvuu? Mphuno zitatseka, chilichonse chinkangomveka ngati dothi m'kamwa. Ndi manyazi anakabisala mumtsinje. Mpaka lero mukamva phwii! m'madzi, ndi iwowo, akuminabe.

Nthano yanga yatera pomwepo, ngati denga lija pamkuyu. Koma iwe uli kumbuyoko, ndakumva ukutsokomola. Mawa kusukulu usapite, ndipo chikho changacho chisiye.